Anazula Chitseko, Ine Sindinatuluke

Abambo, Amayi, achimwene ndi achemwali, mtendere wa Ambuye ukhale nanu m'galaja muno. Amene mwaima pakhomo lowani, musaope kuthinana, nanga kumene timagonako timathinana pang'ono? Ine ndine Esinta, amake Tadala, kwathu ndi ku Ntcheu. Amene mwakhalitsa ku Gezina kuno mumandidziwa, ndipo ena munandidziwa ndikudzandira pakona ya shabini ija. Sindibisa. Abusa andipatsa mpata woti ndichitire umboni, ndipo umboni wanga si wa galimoto kapena wa nyumba yamalata kumudzi. Wanga ndi wa chipinda chimodzi ndi chitseko chake.

Ndinabwera ku Joni ndili mtsikana. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa ku Mamelodi, wa mabanja aja amene agogo awo anachokera kwathu kalekale, oti Chichewa chinangowatsalira m'moni ndi m'pemphero. Tinabereka Tadala, ndipo bamboyo anamwalira mwanayo akungoyamba sukulu. Mulungu anandipatsa ntchito yam'nyumba ku Waterkloof, yogonera konko. Ndinali ndi kachipinda kuseri kwa galaja, madzi otentha, magetsi osazima. Ndinkayenda modzimva, ndipo anzanga akamadandaula za lendi ndinkangoti pepani, mumtima ndikuti izo ndi za osasamala.

Ntchito yogonera ili ndi mbedza yake. Tsiku limene ntchito yatha, nyumbanso yatha. Mabwana anga atabwerera kwawo kunja anandisiyira mapoto, makatani ndi misozi yeniyeni, koma makiyi ndinabweza. Olowa m'malo mwawo anabwera ndi wantchito wawo.

Kuyambira pamenepo tinakhala anthu a pamsewu, ngakhale sitinagonepo panja. Tinalowa m'galaja ina yodontha, eni ake anaigulitsa. Tinapeza chipinda china, mwini wake n'kuti sakufuna ana. Kwina anatikweza lendi ngati akutithamangitsa ndi ulemu. Paliponse akangoti tulukani, ine ndinkamanga katundu, n'kuthokozanso, n'kutuluka mwakachetechete. Pajatu timati mlendo ndi mame, ndiye ndinkangokamuka. Tadala ankasintha sukulu ngati malaya, mpaka anasiya kuloweza mayina a anzake.

Kenako ndinapeza malo kwa a Kamwendo, kuno ku Gezina. Iwowa anali mastandi wathu, kapena kuti alandilodi, koma nyumbayo sinali yawo. Anachita lendi nyumba yonse kwa mwini wake amene sitinamuonepo, n'kuiduladula ndi mabolodi. Pabalaza panali mabanja, m'khitchini munali banja, mnzako akatsokomola iwe umati pepani uli m'chipinda chako. Ine ndinachita mwayi, ndinapeza chipinda chakumbuyo cha njerwa, chokhala ndi chitseko chake choloza panja.

A Kamwendo ndi a ku Balaka, munthu woseka, wopemphera. Tsiku lolowa anati, “Achemwali, pano ndi panu, ife a Malawi timasungana.” Mumtima ndinafuna kunena kuti tilemberane kapepala, koma manyazi anandigwira pakamwa. Munthu wakwanu, wokuitana kuti achemwali, ungamuuze kuti lembani, ngati ukumuyesa wakuba? Lendi ndinkapereka pamanja, ndi manja awiri, chogwada pang'ono, lisiti osafunsa. Ndikuona ena mukuyang'ana pansi. Musadandaule, tonse tinaleredwa choncho.

Maganyu anayamba kusowa. Lero kukachapa ku Centurion, mawa kulibe. Tulo tinandithawa chifukwa cha mantha a kumapeto kwa mwezi, ndipo mnzanga wina anandiphunzitsa mankhwala ake: vinyo uja wa m'katoni. Ndinayamba ndi kakapu kogonera. Posakhalitsa kakapuko kanayamba kundiperekeza kuntchito, ndipo mayi wina wa ku Centurion atandinunkhiza anandiuza kuti ndisabwerenso. Lendi inayamba kutsalira. Ndikunena zimenezi kuti pasakhale wina wopita kunja n'kumati Esinta anadziyeretsa. Ndinali chidakwa, ndipo ndinali ndi ngongole. Koma zoona zinanso n'zakuti a Kamwendo anali atapeza kale anthu ofuna chipinda changacho, atati achidule pakati n'kumadya kawiri.

Tsiku lina ndikuchokera kosaka ganyu ndinapeza chipinda chili yasa. Chitseko anachizula ndi mahinjesi omwe, magetsi atadula. Tadala, amene panthawiyo anali atatha msinkhu, anali atakhala pabedi ndi yunifolomu yake, chikwama chili pamiyendo, amuna a m'nyumbamo akudutsa n'kumasuzumira. Ndinakhoma bulangete pakhomo. Bulangete limatchinga maso, koma munthu silimutchinga.

M'mawa mwake kunabwera alamu anga a ku Mamelodi, Sisi Dorika, azakhali ake a Tadala. Mwanayo anali atawaimbira foni. Anayang'ana bulangetelo, anayang'ana katoni imene ndinabisa molephera kuseri kwa ndowa, kenako anandiyang'ana ine.

“Eish, Esinta. Mwana wa mchimwene wanga sagona popanda chitseko,” anatero. “Ndikumutenga. Ukadzakhala ndi chitseko ndipo pakamwa pako padzasiya kununkha, udzabwere udzamutenge. Apo ayi, akhala wanga.”

Ndinawatukwana, Mulungu andikhululukire. Koma Tadala sanalire, sanakane. Anangonyamula chikwama n'kutsogola, osacheuka. Chimenechi chinandipweteka kuposa mawu onse a azakhali ake, ndipo ndinachita chimene ndinkadziwa. Ndinamwa mpaka kusiya kudziwa kuti kunja kwacha kapena kwada.

Tsopano mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene Mulungu anandiseka. Linali Lachinayi masana. A Kamwendo anatuma amuna awiri kudzatulutsa katundu wanga, iwo atapita kukatenga alendi atsopano. Amunawo anatulutsa bedi, matiresi, mipando iwiri imene ndinachoka nayo ku Waterkloof, tebulo, zonse n'kuziunjika pabwalo pafupi ndi geti, n'kupita. M'chipinda munatsala mphasa ya pulasitiki ndi ine. Ndinakhala pansi, miyendo tambalale, chitenje kumutu, ndipo mowa utayamba kutha m'mutu ndinalira. Sindinalire chamumtima ayi. Ndinalira monga timalirira kwathu, mokweza, motchula dzina. Mwana wanga ine, Tadala wanga ine, wandisiya ndekha ine.

Mukudziwa kuti Lachinayi ndi tsiku la azimayi a mpingo. Gulu lathu lija, lovala zoyera ndi zakuda, linali likuchokera ku mapemphero kulowera kokwerera matekisi, ndipo njira yawo inadutsa pa geti lathu. Inu a kwathu, tandiuzani: mukaona mipando ndi bedi zili panja, khomo lili pululu, m'nyumba muli mphasa yokha, mayi wakhala pansi akulira motchula dzina la mwana, mumati kwagwanji? Mzulu kapena Mpedi akanadziwa msanga kuti munthu akumutulutsa. Koma a Malawi anaona maliro.

Ndinangomva nyimbo ikuyambika pa geti, yapansipansi, ija timaimba polowa m'siwa. Ndisanamvetse, azimayi anayamba kuvula nsapato pakhomo, kulowa chogwada mmodzimmodzi, n'kumakhala pansi motsamira khoma mpaka chipinda chinadzaza. Otsala anakhala pabwalo. Wina anali atathyola kale nthambi za jakaranda n'kuziyala pamsewu, kuti odutsa adziwe kuti pano pali zovuta. Bambo wina wa kwathu wogwira ntchito m'magadeni atafika pamasambapo anatsika panjinga, kuvula chipewa, n'kukhala pamwala.

Mtsogoleri wawo anali Amayi Nasibeko, awo akhala kutsogolowo akuseka. Tsiku limenelo sankaseka. Anandiyandikira, anandigwira paphewa, n'kufunsa motsitsa mawu, “Amake Tadala, pepani. Mwanayu watisiya nthawi yanji? Thupi lili kuti?”

Abale anga, palibe khofi amene anachotsapo munthu mowa ngati funso limenelo. Ndinaona azimayi akulirira mwana wanga, misozi yeniyeni, wina akutchula mmene mwanayo ankaimbira bwino ku Sande sukulu. Ndinaona mmene tsikulo lidzakhalire likadzafikadi. Ndipo ndinadzifunsa kuti mwana wamkazi wogona kuseri kwa bulangete, mayi ake ali chikomokere ndi vinyo, chinatsala n'chiyani kuti anthu awa abwere pa maliro enieni? Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Ndinawauza kuti Tadala ali moyo, ali ku Mamelodi. Nyimbo inaduka pakati. Ndinafotokoza zonse, za chitseko, za lendi, za katoni, moti ndinaitulutsa kuseri kwa ndowa n'kuiika pakati pawo. Amayi Nasibeko anakwiya kwambiri, anandikalipira kuti ndawaliritsa mwana wamoyo, chinthu choti kwathu n'kulaula. Ena anayamba kusekera m'zitenje, ena kufunafuna nsapato zawo.

Nthawi yomweyo a Kamwendo anatulukira ndi alendi awo atsopano. Paja a Kamwendo nawonso ndi Mmalawi. Ataona masamba pamsewu ndi azimayi ovala zoyera atakhala pansi, anavula kapusi, anayenda chowerama, n'kudzagwada pakhomo lomwe lija analizula chitseko. Anati pepani nazo zovutazi. Ndikukhulupirira ankaganiza kuti mwanayo wapezeka ndi ngozi chifukwa cha khomo lija, ndipo mlandu uli pamutu pawo.

Amayi Nasibeko anawayankha kuti, “Dzukani, Achimwene, maliro kulibe. Koma poti mwagwada kale, tatiuzani, chitseko cha pano chili kuti?”

Munthu uja anasintha nkhope pomwepo. Anavala kapusi yake, anayamba kulankhula Chizungu, n'kutiuza kuti tonse tichoke pamalo pake, apo ayi aitana apolisi adzaone mapepala a aliyense. Mukudziwa zimene mawu amenewo amatichita. Ndinaona azimayi ena akugwira zikwama zawo, maso ali ku geti. Ine ndemwe mawu amenewo anali atandisamutsa kambirimbiri, ngakhale pamene mapepala anga anali bwinobwino. Koma munthu amene wangochoka kumene pa maliro a mwana wake, wapolisi angamuopseze ndi chiyani?

Ndinadzuka, ndipo ndinati, “Aitaneni, Achimwene. Akabwera muwaonetsenso mmene mwaduliramo nyumba ya eni. Ngongole yanu ndikuidziwa ndipo ndidzabweza. Koma muno sindituluka. Mwana wanga adzandipeza muno.”

Sanaimbe foniyo. Alendi atsopano aja anaona okha kuti chipindachi chili ndi mwini wake, anabwerera. Amayi Nasibeko anauza azimayi kuti paja kwathu tikakhala pansi pa zovuta sitidzuka mwambo usanathe, choncho aliyense anyamule kanthu. Bedi linalowa, matiresi analowa, mipando inalowa. Bambo wa njinga uja ndiye anachotsa masamba pamsewu, akupukusa mutu. Kuyambira tsiku limenelo azimayi ankasinthana, awiriawiri, kudzakhala nane kuseri kwa bulangete lija kuti katundu asatulutsidwenso ndiponso kuti katoni isalowenso.

Tsopano ndinene zimene ndinachita, chifukwa nyimbo yokha sibweza chitseko.

Mowa sindinausiye tsiku limodzi. Thupi linkanjenjemera, mutu unkawawa, ndipo kamodzi ndinazembera azimayi aja n'kukamwa. Amene ananditola ndi Amayi Nasibeko, ndipo sanandilalikire. Anandiperekeza ku kiliniki, kumene anandilozera gulu la anthu olimbana ndi vuto ngati langali. Ndimapitabe mpaka lero. Amene muli ndi katoni yanu kuseri kwa ndowa, mundipeze tikatuluka, sindiuza munthu.

Kenako ndinapita m'tauni, ku ofesi ya boma yomva madandaulo a anthu a lendi. Ndinapita ndikuyembekezera kuti andithamangitsa chifukwa cha kalankhulidwe kanga. Sanandithamangitse ndipo sanandilipiritse. Anandiuza chinthu chimene ndakhala m'dziko lino zaka zonsezi osachidziwa: mastandi alibe mphamvu yozula chitseko, kudula magetsi kapena kutaya katundu wa munthu panja, ngakhale munthuyo ali ndi ngongole. Wotulutsa munthu m'nyumba ndi khoti lokha. Anandiuzanso kuti pangano la pakamwa ndi panganobe, kungoti kulitsimikiza n'kovuta. Mboni ndinali nazo zambiri, zovala zoyera.

Nkhani inatenga nthawi, sindikunamizani. Anatiitana, a Kamwendo sanabwere, anatiitananso. Ine ndinapeza ganyu yosita ndipo kalikonse kamene ndinkapeza ndinkapereka kudzera ku banki, osatinso pamanja. Potsiriza tinakhala pansi, tinagwirizana kabwezedwe ka ngongole, tinalemberana, ndipo iwo anauzidwa kubwezeretsa chitseko ndi magetsi. Anachibweretsa okha pa wilibala. Nthawi yonseyi chinali kuseri kwa nyumba, akuyanikapo matawulo.

Pano ndikufuna ndilankhule ngati kuti akuluakulu opanga malamulo a nyumba akhala pa benchi apo. Mukamakamba za nyumba mumakamba za eni, za omanga, za ogula. Nanga ife amene timasita malaya anu ku Centurion ndi kudulira maluwa ku Waterkloof, mumaganiza kuti dzuwa likalowa timalowa m'nthaka? Mzinda uno wagona pa zipinda zakumbuyo ndi pa mabolodi. Lamulo labwino lilipo, inde, koma limakhala m'tauni, limatsegula nthawi imene ife tili kuntchito, ndipo limayenda pang'onopang'ono pamene wozula chitseko amangofuna sikuludalaiva ndi mphindi zochepa. Tikufuna kuti munthu akazulidwa chitseko lero, chibwerere lero. Tikufuna kuti wantchito wogonera ntchito ikatha apatsidwe nthawi yokwanira yopezera pokhala. Tikufuna zipinda za lendi zimene wosita zovala angakwanitse, pafupi ndi kumene amasitako, zolola ana. Ndipo munthu akabwera kudzadandaula, muyambe mwamufunsa za denga lake. Mukapanda kutero, anthu ngati a Kamwendo adzapitiriza kutilamulira ndi mawu amodzi aja akuti apolisi.

Ndipo inu a kwathu, ulemu wathuwu ukutidyetsa. Kupempha lisiti si chipongwe. Kulemberana si kumuyesa munthu wakuba. Akakuuzani kuti tulukani mawa, musayambe ndi kumanga katundu, yambani ndi kuitana anzanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Musadikire kuti mpaka tikuyeseni ofedwa ndiye tibwere.

Chitseko chitabwerera ndinakwera tekisi kupita ku Mamelodi. Sisi Dorika anandilandira, sanakumbutse za matukwano aja. Anandiyandikira dala pondipatsa moni, ndinadziwa kuti akununkhiza, ndipo ndinawalola. Anaitana Tadala n'kumuuza kuti asankhe yekha. Mwanayo anandifunsa funso limodzi lokha, ngati chitsekocho chili ndi loko. Ndinamupatsa kiyi wake m'manja.

Anabwera, koma musaganize kuti zinathera pomwepo. Zovala zake sanazitulutse m'chikwama chake chachikulu chapulasitiki, cha shangani. Akachapa, akasita, ankazipindanso n'kubwezera momwemo, zipi n'kutseka. Ndikamuuza kuti aike m'kabati ankangoti, “Zili bwino momwemu, Amayi, kuti tisadzavutike.” Mawu amenewo ankandilasa, chifukwa amene anamuphunzitsa kukhala chimangire ndine. Ndinasiya kumuuza za kabati. Ndinkangodzuka, kupita kuntchito, kubwera ndili bwinobwino, kulipira, kusunga lisiti, mwezi ndi mwezi.

Loweruka lina ndikuchapa panja ndinamva kugogoda m'chipinda. Ndinathamanga thovu lili m'manja, ndikuganiza kuti a Kamwendo ayambiranso. Ndinapeza Tadala wakwera pampando, mwala uli m'manja, akukhoma msomali pakhoma. Chikwama chinali pansi, chopanda kanthu, chopindidwa. Anatsika, anapachika yunifolomu yake pamsomalipo, n'kundifunsa ngati mastandi sakwiya kuti taboola khoma.

Ndinamuuza kuti akhome wina wa jekete.

Mwezi wathawu tamva kuti mwini nyumba weniweni akufuna kugulitsa, ndipo a Kamwendo ayamba kale kuuza anthu a m'mabolodi kuti azimanga katundu. Ena amanga. Ine ndawauza kuti amene akufuna kunditulutsa adzere kukhoti, ndipo akadzandipatsa tsiku loyenera ndidzatuluka masana, pakhomo, mwana wanga atamaliza mayeso ake. Mpaka tsiku limenelo misomali ija sikuzuka.

Umboni wanga ndi umenewu. Amene watulutsidwa sabata ino, kapena wauzidwa kuti atuluke, asapite kunyumba yekha lero. Aimirire pomwe alipo timuone, tinyamuke naye. Ambuye akudalitseni nonse.